Bowa wa Ulendo wa ku Italiya

Chiphulikireni fakitale ya magetsi ya ku Chernobyl, n'kumwaza poizoni amene analowa m'nthaka ndi m'zomera, Yadviga sanalolepo mwana wake Alesya kulawa bowa. Mkaka wa ng'ombe ya pakhomo ankautaya n'kumagula wa m'chitini. Nkhalango ya kuseri kwa khola ankaiopa ngati manda.

"Ukangopondamo, chithokomiro chidzatupa, adzakucheka pakhosi ngati azakhali ako," ankatero.

Mwana anamva, mwinanso anamvetsa kwambiri. Ankasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, ndipo m'mawa ankayamba wadzipapasa pakhosi asanapereke moni.

Chaka chilichonse kusukulu kunkabwera galimoto yokhala ndi mpando woyezera poizoni m'thupi. Mwana akakhalapo, makina ankalira. Amene makina amulirira kwambiri ankatumizidwa ku Italiya kukapuma mpweya wabwino, n'kubwerako atanenepa, nsapato zatsopano zili kuphazi. Alesya atakhalapo, mpando unangoti zii.

"Mwagwira ntchito, mayi," anatero dokotala. "Mwana wanu ndi woyera. Ku Italiya sapita."

Woyerayo anali wowonda ngati chingwe, kamfuno osatha, kulira popanda womumenya. Koma zimenezo mpando sunkayeza. Pamene Kastus, mwana wa Raisa wa nyumba yoyandikana, amene ankadya chilichonse chomera pansi, anali atazolowera ndege ngati basi ya kumsika.

Tsiku lina Raisa anatsamira mpanda.

"Inu amake Alesya, ukhondo wanuwo udzakupherani mwana. Ife mpando ukayandikira timakazinga bowa. Mudzi wonse ukudziwa. Mukuganiza kuti adokotala alibe mphuno?"

"Zamisala zimenezo," anayankha Yadviga. "Mukudyetsa mwana poizoni dala?"

"Nanga wanenepa ndani, wanu kapena wanga?"

Funsolo linamubaya Yadviga pamtima, ndipo linakana kuzuka. Anapsa mtima ndi Raisa, ndi dokotala, ndi boma, koma makamaka ndi iye mwini, chifukwa zaka zonsezi ankadziona ngati mayi wanzeru yekha m'mudzimo. Mpando utatsala pang'ono kubweranso, anatenga dengu n'kulowera kunkhalango mozemba. Kuzembako kunali kotaya nthawi. Anapeza theka la azimayi a m'mudzi ataweramira pansi, pamodzi ndi mphunzitsi amene ankaphunzitsa ana kuopsa kwa bowa. Anapatsana moni mwaulemu, aliyense maso ali m'dengu lake.

Kunyumba anakazinga bowayo ndi anyezi ndi kirimu, n'kuika mbale pamaso pa mwana. Fungo linali lokoma, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri.

Alesya anayang'ana mbale, kenako mayi ake.

"Amama, ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe, mwanawe. Idya, upite ku Italiya."

"Si munati amapha?"

"Amapha pang'onopang'ono. Kumeneko ukachira msanga."

Mwanayo sanatsutse, chifukwa sanaleredwe choncho. Anadzuka, anakasamba m'manja ndi sopo chala ndi chala monga anaphunzitsidwira, n'kubwera kudzakhala. Anadya mbale yonse, misozi ikugwera momwemo. Yadviga anafuna kuilanda mbaleyo, koma manja ake sanachoke pathebulo.

Atamaliza, Alesya anatenga dzanja la mayi ake n'kuliika pakhosi pake.

"Tagwirani apa, amama. Kodi chayamba kale kutupa?"