Dontho Lomaliza la a Chikaonda

1.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri, sindinapyolepo ngakhale ndi dontho limodzi. Anatero a Chikaonda, aphunzitsi a kemisitiri, akutakasa tiyi ndi bolopeni. Mayi Nanthambwe, osamalira labu, ankadutsa ndi mabotolo.
Eetu, anatero mayiwo.

2.
Ntchitoyo ili chonchi. Asidi m'fulasiki, kabotolo kagalasi. Madontho awiri a fenofutalini, mankhwala osintha mtundu wa madziwo. Soda wa m'byuleti, kapaipi kagalasi ka mpopi kunsi, azitsika pang'onopang'ono. Madzi akangoyamba pinki wa patalipatali, tseka, asidi watha mphamvu. Ukachedwa, pH yalumpha kale kuchoka pa 4 kufika pa 10, masamu onse anama.

3.
Dontho. Dontho.

4.
Ine Chikaonda pinki sindimuona, chibadwire, kwa ine ndi madzi basi, ndipo sindinauzepo munthu ngakhale mkazi wanga amene zitenje zake ndimaziyamikira mongolota, koma chaka changa choyamba pasukulu pano dzanja lili pampopi ana makumi asanu ndi limodzi akundiyang'ana thukuta lili kamukamu ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga ndiye ndinatseka

5.
Ine Nanthambwe chifuwa ndilibe. Ndimatsokomola pinki akafika. Zimene a Chikaonda andibweretserapo pa zaka zonsezi:
uchi
mandimu
jinja
masamba a bulugamu
dzina la dokotala wina wa ku Zomba.
Zikomo yekha ndiye sanafikebe.

6.
Lachisanu mayiwa akupuma pantchito. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, a Chikaonda anafika pakhomo la labu, kutsegula pakamwa, n'kufunsa za choko.

7.
Lachisanu. Fomu folo yonse, ahedi ataima pakhomo.
Ana inu, anatero a Chikaonda, ine pinki sindimuona. Dzanja linali langa, maso anali a mayiwa. Mayi, zikomo.
Timadziwa kale tonse, anatero ahedi, pitirizani.
Mayi, bwerani mugwire mpopi, anatero a Chikaonda.
Ine, aphunzitsi? Ine ndimangotsuka.
Inu amene.

8.
Dontho. Dontho. Dzanja la mayi Nanthambwe lili pampopi. Kenako waa! Fulasiki yonse psuu, ngati juwisi wa paukwati.
Mayo ine, ndapyola.
A Chikaonda anaikweza fulasikiyo cha kuwindo, anaiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu.
Ndendende, anatero. Ana inu, lembani.