Kanyumba ka pa Pikapu ya Gherasim

Chisanu chitangotha ndinamuuza mwamuna wanga Gherasim mosapita m'mbali kuti mu tenti sindigonamonso. Ngati akufuna kuti chaka chino ndipite naye kutchire ndi njuchi zake, pikapu yathu ikhale ndi kanyumba kumbuyo, ka denga lotukula kaja, kokhala ndi matiresi enieni. Apo ayi, ming'oma yonse aigulitse kwa Nichifor, mnansi wathu amene wakhala akuimezera mate kuyambira kalekale. Yekha Gherasim sakanapita. Kutchire sikukhala munthu mmodzi, chifukwa wina akapita kukatunga madzi kapena kukagula buledi, mnzake amayenera kutsala pa ming'oma. Mukaisiya yokha, pobwera mupeza mikwaso ya matayala basi.

Mumtima mwanga ndinkafuna yogulitsayo. Ine Zamfira ndakalambira m'mphepete mwa minda ya eni. Maluwa a mitengo ya salcâm akayamba timakhala ku Oltenia, akayoyoka timathamangira mitengo ya tei ku nkhalango ya Babadag kokalumidwa ndi udzudzu, kenako ku minda ya mpendadzuwa ya ku Bărăgan, kumene mthunzi umaupeza pansi pa galimoto pokha. Anzanga onse a m'mudzi ali ndi maluwa pakhomo ndi nkhuku zowadziwa. Ine nkhuku zanga zimandithawa ndikabwerako, zimandiyesa mlendo. Msana nawo unali utandikwana.

Ndinkaganiza kuti nkhalambayo iwiringula za mtengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwana wathu Rodica, amene amagwira ntchito ku Torino, anangoti pa foni, "Sankhani kamene kakusangalatseni, ndilipira ine." Mwana wabwino, inde, koma anandipha.

Ndiye tinayamba kuzungulira. Abale, kuzungulira kwake!

Ku Pitești anationetsa kena kotseguka kumbuyo kokha, denga lake lopendekera. Ine ndinakwera, ndinagona, ndinati apa ndiye bola. Gherasim anangoyang'ana chinsalu cha m'mbali n'kugwedeza mutu.

"Chakuda," anatero. "Njuchi zikaona chakuda zimayesa chimbalangondo. Ukufuna tizidzuka otupa?"

Ku Ploiești chinsalu chinali choyera. Analowetsa mutu, ananunkhiza, anati mukununkha guluu, njuchi zipenga nalo fungolo. Kwina anati n'kolemera, pikapu ikakoka ngolo ya ming'oma sikwera mtunda. Kwinanso ndiye anandichititsa manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe. Anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba, m'kati muli njuchi yakufa, n'kuyamba kuikankhira pa neti ya pawindo wogulitsa akuona. Mutu wa njuchiyo utangotulukira mbali inayo anakuwa ngati wapambana mlandu.

"Mwaona? Ikulowa!"

"Yamoyo siikankhidwa ndi chala, bambo inu," ndinatero.

"Yamoyo imadzikankha yokha."

Tinkabwerera kunyumba opanda kanthu, ine miyendo itatupa, iye akuimba mluzu. Tchizi, anyezi ndi nyama yankhumba zimene ndinkakulunga m'mawa tinkadyera m'galimoto osalankhulana. Ndinkati munthuyu akungondizengereza kuti maluwa ayambe, ndiye anene kuti nthawi yatha, tiye ndi tenti yomwe ija. Chimene sindinazindikire n'chakuti konse kumene tinapita iye sanakwere ngakhale kamodzi. Wokwera ndinali ine, iye n'kumapeza zifukwa ali pansi.

Mitengo ya salcâm itayamba kutupa mphukira, ndinamuuza kuti ulendo wotsatira ndi womaliza. Tinapita kufupi ndi Brăila, kwa mmisiri wina dzina lake Octav, amene amapanga yekha tinyumbati m'chishedi kuseri kwa nyumba yake. Anali bambo wonenepa, wa ndevu zopsa ndi moto wa owotcherera, ndipo bambo ake nawo ankaweta njuchi. Apa ndiye Gherasim anakumana nazo.

Kanyumbako kanali kale pa pikapu yofanana ndi yathu. Kakatsekedwa kankaoneka ngati chivundikiro wamba, kosaposa mutu wa galimoto kwenikweni.

"Chinsalu," anayamba Gherasim.

"Chotuwa ngati mchenga, nea Gherasim," anatero Octav, poti kwathu bambo wamkulu timamulemekeza pomutchula kuti nea. "Ndimadziwa za chakuda."

"Guluu."

"Mulibe. N'zomanga ndi mabawuti zonsezi. Nunkhizani mpaka mutope."

Gherasim anapisa m'thumba. Ine ndinatseka maso.

"Aaa, mwabwera nayo njuchi?" Octav anaseka mpaka kugwira mimba. "Anandiimbira mnzanga wa ku Buzău, akuti kukubwera madala ena oyenda ndi maliro m'kabokosi. Yesani, yesani."

Anayesa. Anakankha uku, anakankha uko, mpaka njuchi ija inafumbutuka m'zala. Neti siinalole ngakhale mwendo.

"Tanti Zamfira, kwerani muone nyumba yanu," anatero Octav, poti mayi wamkulu ndiye timamuti tanti.

Anamasula zotsekera za m'makona, analowa, anakankha denga ndi dzanja limodzi. Timapampu ta m'mbali tinalira psii, denga lonse linakwera molunjika, chinsalu n'kuwongoka. Ndinakwera pa kamakwerero. M'katimo ndinaima chilili osawerama, ine amene zaka zonsezi ndakhala ndikuvala siketi chogona. Bedi linali pamwamba, lotakasuka, pansi pake malo a chitofu ndi zidebe. Mphepo inkalowa pa mawindo onse. Ndinakhala pa matiresi aja ndipo mtima unandiwawa, chifukwa kanali kabwino. Chifukwa chokanira panalibe. Ndinaona mpendadzuwa wa ku Bărăgan ukundidikira chaka chino, chaka chamawa, mpaka tsiku limene adzanditsitse mmenemu miyendo kutsogolo.

"Kabwino," ndinatero, mawu akutuluka mokakamiza.

"Kutsegula n'kwa ana," anatero Octav. "Ntchito ili potseka. Inu a njuchi mumasamuka mbandakucha zisanayambe kuuluka, komanso mwini munda akati mawa ndipopera mankhwala, simufunsa kawiri. Ndiye aliyense wa inu azitha kutseka yekha, mwachangu. Sindigulitsa munthu asanayese. Nea Gherasim, kwerani."

"Ndaona mmene mwachitira."

"Mwaona kutsegula. Kwerani, akulu."

"Kwerani, bambo inu," ndinatero. "Kapena mudikira kuti tikunyamuleni?"

Anandiyang'ana, kenako anakwera pang'onopang'ono. Tinapanikizana atatu m'katimo. Octav analoza malamba awiri olendewera kudenga, wina kumanzere, wina kumanja.

"Mugwire onse awiri nthawi imodzi, mukoke mofanana. Mukakoka mbali imodzi, denga limapotoka n'kuluma chinsalu."

Gherasim anakweza dzanja lamanzere n'kugwira lamba. Lamanja linakwera mpaka pachifuwa, linafika pa phewa, n'kuima pomwepo. Analuma mano. Ananyanyamphira, anapendeketsa thupi lonse kuti zala zifike, koma zinangokanda mpweya. Thukuta linatuluka pamphumi pake ngakhale kunja kunali kamphepo kozizira.

"Malambawa ndi aafupi," anatero.

"Ndingawatalikitse," anatero Octav, mawu atatsika.

Anamanga kachingwe pa lamba wakumanja kuti afike pachifuwa. Gherasim anagwira, anakoka. Mbali yamanzere inatsika, yamanja inangogwedera. Denga linapendekera, chinsalu chinapindikira kunja, ndipo nkhalamba yanga inabuula kubuula kumene sindinakumvepo chikwatirane. Anasiya malamba onse. Denga linabwerera m'mwamba lokha, psii.

Octav anayamba kuyang'ana bawuti ina pakona ngati ndi yachilendo.

Kuti phewa limamuvuta ndinkadziwa, ndani wa msinkhu wathu amene china sichimuwawa? Koma kuti mkono sukukweranso n'komwe, ayi. Pamenepo ndinakumbukira kuti nyengo yonse yachisanu masoseji ankanditumira ine kuti ndikapachike, ati ine ndimayala bwino. Chipewa ankavala ndi dzanja lamanzere. Ndipo chinsalu chakuda chija, guluu uja, njuchi yakufa ija, zonsezo kunali kuthawa lamba ameneyu. Ndinapsa mtima, ndinamvanso chisoni, zonse pakamodzi, moti sindinadziwe kuti ndiyambe ndi chiti.

Mpata wanga wothawira unali utatseguka. Ndikanangokoka mwaulesi n'kunena kuti nanenso zandikanika, bwenzi tikubwerera kwathu, ming'oma n'kupita kwa Nichifor, wolakwa palibe. Ndinaganizadi zimenezo. Koma ndinaona mmene anaimira, mkono uli lende, maso ali pa nsapato, pamaso pa mwamuna mnzake.

"Tapatukani," ndinatero.

Ndinagwira malamba onse awiri, ndinalendewera. Denga linatsika bwinobwino, chinsalu chikudzipinda chokha m'kati, mpaka tonse tinagwada. Tinatuluka chokwawa, ndinatseka makona onse ndekha.

"Eyaa, tanti!" Octav anaomba m'manja. "Anyamata ena amalephera ulendo woyamba."

"Titenga komweka," ndinatero, ndikupukuta manja pa siketi. "Ndizitseka ndine. Nkhani yatha, tiyeni, miyendo ikundiwawa."

Gherasim anali ataima pafupi ndi tayala.

"Nanga tsiku limene watsala pa ming'oma, ine ndikufuna kupita kumadzi?"

"Ndizikutsekerani musanapite."

"Nanga ukadwala?"

"Sindidwala. Ndidwale nthawi yanji?"

"Ndiye denga iwe. Kuyendetsa ngolo m'matope iwe. Mabokosi a uchi kutsitsa pamwamba iwe..."

"Asa! Kodi chaka chatha ankatsitsa ndani?"

Zinatuluka zokha, mokweza, Octav ali pompo. Zinali zoona. Chaka chatha mabokosi odzaza uchi ndinkatsitsa ine, iye n'kumafukiza utsi, n'kumandiuza mochitira, ndipo tonse awiri tinkakhala ngati ndi mmene zakhala zikukhalira. Palibe anali atazitchula. Ine ndinazitchula pabwalo la mwini.

Gherasim anayang'ana manja anga, ndiye nanenso ndinawayang'ana: zala zokhota, mfundo zotupa, mizere yofiira pamene lamba anadutsa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikaphike khofi," anatero Octav, n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

"Sindinatanthauze choncho," ndinatero.

"Watanthauza. Ndipo sunaname."

"Ndati titenga. Ndipita nanu. Mukufunanso chiyani, ndivine?"

"Watopa, Zamfira."

"Ndinatopa kalekale, mwangoona lero? Musandiyambe, bambo inu. Kanyumba kabwino aka, bedi labwino, ndizigona ngati munthu. Chaka chimodzi chokha tiyese."

Anagwedeza mutu. Anatulutsa kabokosi ka machesi kaja, anakayang'ana, anakaponya mu chidebe cha zitsulo zotha ntchito. Kenako anatulutsa foni ndi dzanja lamanzere.

"Mukuimbira ndani? Rodica ali kuntchito."

Anapita chakumpanda, koma mawu ake ndi aakulu, ndinamva zonse.

"Nichifor? Ndine. Ubwere ndi lole yako mawa kusanatenthe... Yonse, inde. Yonse ndi ngolo yomwe... Ayi, zimenezo tidzakambirana, sindikuthawa."

Ndinakhala pa chitseko cha kumbuyo kwa pikapu ija. Mawu amenewa ndinawadikira zaka zambiri. Ndinkaganiza kuti tsiku lake ndidzaphika nkhuku, ndidzaitana anzanga, ndidzagona mpaka dzuwa pamutu. Mawuwo atabwera, ndinangolira pang'ono, mwaukali, ndikupukuta ndi nsonga ya mpango kuti asandione.

Octav anatuluka ndi makapu atatu pa thireyi. Anandiyang'ana, anayang'ana Gherasim kumpanda kuja, anaika thireyi pambali panga.

Gherasim anali akadali pa foni. Sankakamba za mtengo.

"Tamvera, usandidule mawu. Ming'oma ya buluu iwiri ija mfumukazi zake n'zakale, usinthe salcâm akatha, usachedwe. Ku Babadag usaike m'munsi mwa khwawa, mumachita chinyezi, ukwere chakumtunda kumene kumafika dzuwa la m'mawa. Ndipo wobiriwira uja wa kumapeto..." Anaima, anatsokomola, anayambanso. "Wobiriwira uja uziufika cham'mbali, pang'onopang'ono, utsi wochepa. N'zaukali koma n'zimene zimadzaza msanga. Usazimenye, Nichifor. Zikakuluma, ungozisiya."