Bodza Loyesera

"Kwezani pang'ono fodyayo, bambo Simeon. Eya! Tsono musaseke, wakuba saseka," anatero Lonjezo atalozetsa foni.

A Simeon anasekabe mpaka mapewa kugwedera. Iwo anali tenanti pa esiteti ya a Mphepo kufupi ndi Wimbe, ndipo m'mawa wonse anakhala akusesa chigafa ndi kututa mabenchi. Lonjezo, mwana wamkazi wa mlongo wawo wa a Mphepo, ndiye anakonza maphunziro a masiku awiri a achinyamata khumi ndi asanu opanga mapulogalamu a masamba a mchezo. Holo ya ku Mtunthama anali ataitenga aukwati, ndiye malume ake anamubwereka chigafacho.

Lonjezo ankadana ndi maphunziro ongokamba ngati ulaliki. Ankafuna kuti aliyense agwire ndi manja ake, apange batani loimitsa uthenga wabodza usanafalikire. Koma kuti uimitse bodza, bodzalo liyenera kukhalapo kaye. Choncho pansi pa chithunzi chija analemba kuti: "Chenjerani! Uyu ndiye akutha fodya m'zigafa za kuno. Dzina lake Simeon, kwawo ku Phalombe." Uthengawo anauponya mu pulogalamu yawo yoyesera, imene inkangozungulira m'malaputopu a m'chigafamo basi.

"Ndatchukatu lero," anatero a Simeon akusuzumira. "Mukatha mundipatse, ndikaonetse mayi akunyumba kuti anakwatiwa ndi bwana."

Jenereta inayamba kutsokomola. Lonjezo anawapatsa chigubu kuti athamange pa njinga akagule petulo pamphambano.

Pakati pa ophunzirawo panali Dominic, mnyamata wa ku boma, wanzeru ndithu koma wa chala choyabwa. Chithunzicho chinamuseketsa. Anachijambula pa sikirini n'kuchitumiza ku gulupu ya anzake a mpira, pansi pake n'kuikapo tinkhope toseka titatu. Tsoka lake, tinkhopeto tinatsala m'njira. Chithunzi ndi mawu aja ndi zomwe zinapitirira, kuchoka ku gulupu ya mpira kupita ya akabaza, kuchoka ya akabaza kupita ya kalabu ya alimi. Ndipo inali nyengo yoipa, abale inu! Sabata yomweyo mbava zinali zitakokolola zigafa zitatu, anthu mitima ili m'mwamba.

Ola lisanathe, mkazi wa a Simeon, Fainess, analowa m'chigafamo chitenje chili m'manja.

"Akuwapha! Achemwali, akundiphera amuna anga pamphambano!"

Lonjezo sanafunse kawiri. Anasiya nsapato pomwepo n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'mizere ya mapesi a fodya, ophunzira ali pambuyo.

Atafika, a Simeon sanawaone msanga. Anaona misana yokhayokha, ndi mipini ikukwera n'kutsika, phu, phu, ngati akumenya thumba la nyemba. Njinga inali itapindika m'ngalande. Atadzipanikiza pakati pa anthuwo, anawapeza ali gada m'fumbi, nkhope yonse magazi, mkono wamanja utakhota pamene palibe mfundo. M'khosi anali atawaveka teyala. Petulo yemwe uja anawatuma, wina anali akuwathira kuchokera kumutu, iwo akungolavula, mawu osatuluka.

Amene anagwira machesi anali a Wyson, mlimi amene fodya wake yense anabedwa Lolemba.

"Imani!" anakuwa Lonjezo. "Uthengawo ndalemba ndine! N'zoyesera chabe, n'za maphunziro!"

"Kuyesera chiyani?" anakalipa a Wyson akumuonetsa foni. "Nkhope si iyi? Dzina si ili? Fodya ali m'manjayu ndi wa ndani? Utsi sufuka popanda moto, mwana iwe. Choka!"

"Fodyayo ndi wa malume, ndinawagwiritsa ndine!"

"Ndiye mumabera limodzi!" anatero wina kumbuyo.

Mpini unamupeza pakamwa. Anamva dzino likusweka, dziko n'kuzungulira. Koma m'malo mogwera kumbali, anadzigwetsa pa a Simeon n'kuwakumbatira pamodzi ndi teyala lomwe. Petulo ananyowetsa bulauzi yake yonse.

"Yatsani," anatero magazi akuchucha. "Yatsani tipsere limodzi. Mukatero mukawauze a Mphepo kuti mwaotcha mwana wa mlongo wawo."

A Wyson anatsitsa machesi aja. Kunena mosabisa: si choonadi chimene chinaletsa moto uja ayi. Linali dzina la mwini esiteti. Tenanti wa ku Phalombe akanapsa masanasana, anthu n'kubwerera kukasankha fodya wawo. Mmodzimmodzi anayamba kuzemba, mipini atabisa kumbuyo, ena akuti iwo angofika kumene.

Dominic anaima poteropo, foni ili m'manja.

"Asisi, ndinatumiza ndine, koma ndafufuta. Onani, ndafufuta ndithu."

"Wafufuta m'foni mwako mokha," anayankha Lonjezo osamuyang'ana. "Pita ukaitane galimoto."

Kuchipatala ku boma adokotala anati mkono wathyoka pawiri, ndipo za diso lamanzere sakanalonjeza kanthu. Lonjezo anamusoka mlomo. Atatuluka anakapeza Fainess atakhala pansi pakhonde la wodi, miyendo atatambasula, akuyang'ana khoma. Anagwada pafupi naye.

"Mayi, ndalakwa. Ndalemba kale uthenga wina wonena zoona. Ndatumiza m'magulupu onse."

"Aona angati?"

Lonjezo anayang'ana foni. Manyazi anamugwira.

"Asanu ndi anayi."

"Madzi akatayika saoleka, achemwali," anatero Fainess ndi mawu otsika. "Zaka zisanu ndi chimodzi tili pa esiteti ya malume anu. Ngakhale tsamba limodzi lopichira ndudu amuna anga sanatolepo osapempha. Inu munasowa nkhope ina? Bwanji simunajambule yanu?"

Lonjezo sanaganizeko n'komwe zojambula yake, kapena ya aliyense wa ophunzira aja, ndipo chifukwa chake ankachidziwa bwino: a Simeon anali tenanti chabe.

Pomwepo kafoni kakang'ono ka Fainess kanalira m'nsonga ya chitenje. Anamasula, n'kuika kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali, misozi ikutsika. Kenako anatseka kafoniko ndi chikhatho.

"Ndi apongozi anga, ku Phalombe. Chithunzi chija chafika kumudzi, aonetsedwa ali kuchigayo. Akufunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo wasanduka mbava." Anatambasula dzanja. "Ine sindingathe. Ayankheni ndinu."

Lonjezo analandira kafoniko ndi manja awiri. Kumbali inayo mayi wokalamba ankangoti, "Halo? Halo? Ali moyo kodi?" Iye anatsegula mlomo wake wosokedwa uja, ulusi ukukoka, n'kuyamba ndi kutchula dzina lake.