Kaseti ya Bina Chipego

Atafika pa bokosi lachitsulo, a Maimbo anatsamira ndodo yawo n'kunena kuti limeneli atenga ndi iwo. Ng'ombe zinali zitagawidwa kale, njinga inali itapita kwa mwana wa mlongo wawo, ngakhale jekete lothothoka m'zigongono lija linali litapeza mwini. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chiikireni maliro a aphunzitsi Siamaambo. Monga mwa mwambo wa kuchigwa kuno ku Sinazongwe, ogawa katundu anali abale a malemu a kuchikazi. Mkazi wamasiye ndi ana, yawo inali kukhala pamphasa n'kumaonerera.

Miyoba, mwana woyamba wa malemu, anadzutsa mutu. M'bokosimo munali makaseti oposa mazana atatu, mawu a nkhalamba zimene zinasamutsidwa m'mbali mwa Zambezi pamene madzi a damu ankadzaza. Bambo ake anatha zaka makumi atatu akuyenda ndi makina ojambulira mawu mudzi ndi mudzi, ndipo zaka zonsezo a Maimbo, mng'ono wawo wa bere limodzi, ankangowaseka. Chimene chinkawaseketsa koposa ndi msonkhano wa chaka ndi chaka wa anthu osunga mbiri yapakamwa, kumene malemu ankaphunzitsa anzawo kafunsidwe ka mafunso. A Maimbo ankati sanaonepo chibwana chotere, anthu a imvi zawo kukwera basi mpaka ku Choma kukaphunzitsana kumvetsera, ngati kuti makutu amachita kugula m'sitolo. Lero munthu yemweyo analifuna bokosi.

"Bambo aang'ono, mukapanga nalo chiyani?" anafunsa Miyoba. "Ngakhale wailesi mulibe."

"Makaseti enawo ukasonkhere moto, mwanawe. Ine ndikufuna imodzi yokha."

Anatulutsa m'thumba kope la malemu n'kulitsegula pamene anapinda tsamba. Miyoba ankalidziwa kopelo, poti chibwerereni kwa makolo ukwati wake utatha, ndiye ankakopera papepala zimene nkhalambazo zinanena. Pa nambala 114 bambo ake analemba kuti: Bina Chipego, tsiku lotsika pa lole, kagawidwe ka minda ya kukamtsinje, ndi zina. M'munsi mwake munali mzere wa inki yofiira: Yotseka mpaka mwini atamwalira.

Miyoba sanafunikire kufotokozeredwa. Munda wa kukamtsinje ndi umene amayi ake a Miyoba ankalima, wokhawo umene sunkauma mvula ikadula msanga. Zaka ziwiri zapitazo Chipego, mwana wa gogo wolembedwa m'kope uja, anayamba kunena kuti mundawo unali wa bambo ake ndipo a Siamaambo anangobwerekedwa. Mlandu unayenda uku ndi uku mpaka unafika kukhoti laling'ono, ndipo tsiku logamula linali Lachisanu likubwerali. Mwa onse amene anatsika pa lole chaka chosamutsidwa chija ali ndi nzeru zawo, wotsala ndi moyo anali Bina Chipego yekha, dzina lotanthauza mayi wake wa Chipego, ndipo iye kukhoti ankakana kupita.

"Mkulu wanga anali ndi mboni m'bokosi, iye n'kumapita kukhoti chimanjamanja," anatero a Maimbo. "Maphunziro akachuluka m'mutu amatero."

Miyoba anayang'ana amayi ake. Iwo sanadzutse maso. Anangonena motsitsa kuti chimanga chimene anthu adya pamaliro pano chachokera m'munda umenewo, ndipo sakudziwa kuti chaka chamawa adzalima kuti. Mawuwo anamulasa Miyoba kuposa chipongwe cha a Maimbo, chifukwa anali oona.

Pakati pa olira panali mlendo, mayi Nalishebo, amene ankakonza msonkhano wa ku Choma. Anachedwa maliro, ndipo anabwera ndi pepala la ndondomeko ya msonkhano wa chaka chino, umene unali woti uyambe Loweruka. Dzina la malemu linali pamwamba penipeni, pa phunziro la m'mawa. Mayiyu anali atamupempha kale Miyoba kuti adzapite kukaimirira bambo ake, adzawamvetsereko anthu mawu awo pang'ono pokha. Miyoba anali atayesa makaseti khumi ndi awiri kufunafuna mawuwo. Anapeza nkhalamba zikuseka, zikuimba, zikutukwana atsamunda, koma za bambo ake anangopezamo "Ee," "Kenako?" ndi kachifuwa kawo kouma kaja. Munthu anajambula chigwa chonse, iye mwini osasiya ngakhale chiganizo chimodzi chathunthu.

A Maimbo anatembenukira kwa mlendoyo, poganiza kuti munthu wa m'tauni adziwa kuti munda umaposa inki yofiira. Mayi Nalishebo anayankha mosathamanga. Anati iwo si wachibale, sangaletse kanthu. Koma gogoyo anadinda chala papepala atalonjezedwa, ndipo kaseti imeneyo ikakamveka kukhoti, palibe nkhalamba m'chigwa muno imene idzatsegulirenso pakamwa munthu wonyamula makina. Anawonjeza kuti funso lomweli limabwera pa msonkhano uliwonse, ndipo yankho la malemu silinkasintha: mawu ndi a mwini wake, zikakuvuta bwerera kwa iye ukamufunse.

"Ndibwerere kwa mayi wake wa mdani wanga?" A Maimbo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye zimene mumaphunzitsana kuhotela kuja mukudya mabisiketi?"

Miyoba anadzuka pamphasa, chinthu chimene mwana wa malemu sachita katundu akugawidwa. Anatsegula bokosi, napisa dzanja pakati pa mizere ya makaseti, natulutsa envulopu yakhaki yomata bwino, yolembedwa 114. Inkapepuka m'manja, koma iye sanalabadire. Anati apita yekha kwa gogoyo. Azakhali ena anayamba kung'ung'udza za ana a masiku ano. A Maimbo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ampatsa mpaka Lachinayi dzuwa likamalowa. Gogo akakana, envulopuyo aing'amba okha, ndipo Miyoba adzasankhe ngati akufuna kudyetsa amayi ake lonjezo.

Lachitatu m'mawa Miyoba ananyamuka dzuwa lisanatenthe. Njira inkadutsa m'mbali mwa munda womwewo, ndipo mapesi anali adakali chilili. Miyoba ankaopa. Ankaopa kuti gogo akana, ndipo ankaopanso kuti akakana, iye mwini akapereka envulopuyo kwa a Maimbo ndi manja awiri. M'chikwama anaikamo makina a bambo ake osadziwa chifukwa chake, mwina poti envulopu ndi makinawo zinkayendera limodzi.

Anampeza Bina Chipego pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, akusenda bwemba m'lichero. Anali kamunthu kouma, kosaona bwino, koma ka pakamwa pakuthwa. Chipego anali atapita kukamwetsa ng'ombe.

"Mayendedwe amenewo ndi a kwa Siamaambo," anatero gogoyo. "Nonse mumakoka phazi lamanzere. Wabwera kudzandiitanira kumanda? Uwauze akumandawo adikire, ndikusenda bwemba."

Mdzukulu wina wamkazi anabweretsa mpando ndi chikho cha chibwantu, thobwa la kuchigwa kuno. Miyoba analandira chikho koma mpando anaukankhira pambali, nakhala pansi. Anapepesana maliro. Kenako anafotokoza zonse mosabisa: bokosi, kope, khoti la Lachisanu, ndi zimene a Maimbo akufuna kuchita mawa dzuwa likamalowa. Anaika envulopu m'lichero, pamwamba pa bwemba, nafunsa ngati gogo angalole kuti imveke.

Gogo sanayankhe. Mawu anadzaza m'kamwa mwa Miyoba. Ankafuna kunena za amayi ake, za maondo awo otupa, za ubwino wonse umene bambo ake anachitira mudzi uno. Koma anakumbukira chaka chimene anawaperekeza ku Choma. Bambo ake anaima kutsogolo kwa aphunzitsi ndi ana a kuyunivesite, nawauza kuti ukafunsa funso utseke pakamwa, uwerenge mpaka khumi chamumtima, ukafika uyambirenso. Anthu anaseka, ena analemba m'makope. Miyoba anawerenga mpaka khumi. Anayambiranso. Ali pakati pa ulendo wachinayi, gogo ananunkhiza fodya wake n'kuyetsemula.

"Ukudziwa zimene zili m'menemo?"

"Za minda, agogo. Zinazo sindidziwa."

"Zinazo sudzazidziwa ndili moyo. Ndinakwera lole ndi ana awiri, ndinatsika ndi mmodzi. Pamenepo ndiye polekezera pako." Anatola envulopu, naiyeza m'dzanja, nayamba kuseka kopanda mano. "Ng'amba."

Miyoba anazengereza, koma gogo anamukankhira. M'katimo munali chikhungwa cha kaseti chopanda kanthu, ndi pepala lopinda lokhala ndi chidindo cha chala.

Bina Chipego anadzuka mogwira mtengo, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kachitini ka tiyi kadzimbiri. M'kachitinimo, yokulungidwa m'kansalu, munali kaseti. Anati aphunzitsi ankabwera chaka chilichonse msonkhano wawo ukayandikira, kudzafunsa ngati iye wasintha maganizo. Iye ankati ayi, aphunzitsi ankamwa chibwantu chawo n'kumapita, osadandaula. Koma sabata imene Chipego anayamba mlandu, anabwera nthawi isanakwane, thukuta lili kamukamu, osafuna ngakhale kukhala.

"Anandiikira iyi m'manja. Anati, 'Mayi, ndisungireni kuno. Munda uja ndikuufuna kwambiri, ndipo nane ndine munthu. Bokosi lili pafupi ndi bedi langa.' Ndinamufunsa ngati akufuna ndikalankhule kukhoti. Anati si zimenezo anadzera, poti Chipego ndi mwana wanga. Basi, anakwera njinga yake."

Miyoba anayang'ana chikhungwa chija. Zaka ziwiri bambo ake ankapita kukhoti, kubwerako atatopa, kumva a Maimbo akuwatcha chitsiru, amayi osawalankhula masiku awiri, ndipo sananenepo kanthu. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la maliro inabwera tsopano, ndipo anaisiya.

Gogo anadikira mpaka atatha. Kenako anabwezera kaseti m'kansalu, natseka kachitini mwamphamvu ndi chikhatho.

"Iyi sipita kulikonse. Ukamuuze Maimbo ang'ambe envulopu yake, akasutire fodya." Zala zake zinabwerera kukafufuza bwemba. "Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira kuti aphunzitsi adzandikakamize, kuti ndidzawakane bwino. Munthu wake sanabwere nazo. Wandisiya ndi manyazi, iye n'kukagona. Lachisanu mutumize ngolo, miyendo yanga siifika. Pakamwa ndikadali napo. Za munda ndikanena ndekha, amene anapatsidwa ndi amene sanapatsidwe. Zinazo ndi zanga."

"Nanga a Chipego?"

"Ndinamubereka ndine. Akwiya, adya, agona."

Miyoba anathokoza, koma mawu anatuluka ochepa. Atayamba kutolera chikwama, makina aja anagunda pa chikho, ndipo gogo anatchera khutu. Anafunsa ngati chimenecho n'chimakina cha aphunzitsi. Miyoba anavomera, nafotokoza za Loweruka ku Choma, kuti anthu akufuna kumva mawu a bambo ake koma m'makaseti onse iwo salankhulamo.

"Akanalankhula nthawi yanji, ife tikulongolola?" anatero gogo. "Tulutsa. Anthu ako a msonkhanowo akamve kwa ine. Iyi yokha usaitseke, ukaimvetse aliyense."

Miyoba anaika kaseti yatsopano. Anakokera mpando uja pafupi, naikapo makina, cholankhulira chitaloza kwa gogo. Iye anakhalabe pansi, m'munsi mwa lichero. Anadina batani lofiira, natchula tsiku, mudzi ndi dzina la wolankhula, monga ankamvera kumayambiriro kwa makaseti onse a m'bokosi lija.

"Tsiku loyamba kubwera pano," anayamba Bina Chipego, "ndinamupatsa mpando womwewu. Iye anakhazikapo chimakina, yekha n'kukhala m'fumbi, buluku loyera lili m'thupi. Ndinati munthu uyu ndi wopenga."

Gogo anaima, nayang'ana kumene kunali Miyoba ngati akudikira kuti anenepo kanthu. Tepi inkazungulira. Miyoba anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Kenako?" anatero.