Tsiku Limene Amalume a Ostap Anadula Moipa

Amalume a Ostap Danilovich sankataya chitsulo. Msomali wopindika ankauwongola pamwala n'kuuponya m'chitini, ndipo zitini zoterozo zinadzaza khonde lonse la nyumba yawo. Munthu wotereyu ndi amene boma linamupatsa moto wodulira zitsulo m'manja m'chilimwe cha 1988, n'kumuuza kuti adule Odarka.

Odarka sanali munthu ayi, ngakhale kuti mayi Halina, akazi awo a Ostap, ankamutchula kuti mkazi mnzawo. Chinali chigalimoto cha matayala khumi ndi awiri chonyamula mzinga wa nyukiliya, ndipo pamsana pake panali mkono wachitsulo woimikira mzingawo. A Ostap anachisamala zaka khumi ndi chimodzi pakampu ya asilikali ya m'nkhalango kwathu kuno ku Ukraine, moti ankachimva kutsokomola chisanayambe n'kudwala komwe. Tsono akuluakulu a ku Moscow ndi a ku Washington, atatopa ndi kuopsezana, anasayinirana pangano loti mizinga ya mtundu umenewu ithe mbali zonse ziwiri, wina akuphwanya mnzake akuonerera. Mzinga wa Odarka unali utatengedwa kale kukaphulitsidwa kutali. Chotsala chinali mkono uja.

Panganolo linali nako kachifundo. Mkono ukadulidwa pakati, woyendera wa ku America n'kusayina, galimoto inkaloledwa kukayamba moyo wina. Odarka anali atalonjezedwa kale kwa odula mitengo kuti azikakoka zipika, woyendetsa wake a Ostap omwewo. Koma lamulo lochokera kumwamba linali lakuti galimoto iliyonse yodzetsa mkangano pamaso pa alendo idulidwe yonse, ndi injini yomwe, kuti pasakhale zonena.

"Malaya a ukwati, kupita kokadula zitsulo?" anafunsa mayi Halina m'mawa wa tsikulo.

"Kukubwera alendo."

"Alendo! Ine ndikati tikaone achemwali anga mumavala ovolosi yonunkha dizilo. Nayu buledi ndi mafuta a nkhumba. Mukamugawireko Mmerekayo, ndamva kuti kwawoko amangodya za m'zitini."

"Sindikupita ku phwando, Halina."

"Ndikudziwa, mdala inu. Mukupita kukameta mkazi mnzanga. Mukamumete bwino."

Mmerekayo anali Dale Haskell, wamtali, wowonda, wolankhula chinenero chathu mosamala ngati munthu woyenda pamadzi oundana. Anabwera ndi tepi yoyezera, kamera ndi mapepala. Mkulu wa kampu, a Zubko, analemba okha mzere ndi choko pamkono uja, potsatira zimene pepala linanena, kenako anapita ndi mlendoyo kukaona galimoto ina.

A Ostap anauyang'ana mzerewo n'kupukusa mutu. Unkadutsa pamalo pokhuthala, pomwe pankadutsanso mapaipi a mafuta, ndipo kudula pamenepo kunali kuwononga chitsulo chabwino popanda chifukwa. Chikhatho chimodzi chokha kuchokera pamzerewo panali msoko, pamene zigawo ziwiri za mkono zinalumikizidwa. Msokowo anauwotchereranso okha m'nyengo yozizira ya 1983, zala zikuuma. Munthu wolera bwino chitsulo amadula pamsoko, zimenezo aliyense kwathu kuno amazidziwa. Anafufuta choko ndi chigongono cha malaya a ukwati aja, n'kuyatsa moto.

Zoona zinenedwe, kudula kumene anadula kunali kokongola. Mkono unagawika pawiri mosalala, popanda ndi kachibenthu komwe.

Atabwerera awiriwo, Haskell anagwada, anapapasa m'mphepete modulidwamo, n'kuimba kamluzu.

"Amalume, ndaona odula ambiri, kwanu kuno ndi kwathu komwe. Kudula kotere sindinakuonepo."

A Ostap anatsokomola pang'ono, chifuwa chili patsogolo.

"Tandiuzani," anapitiriza Haskell, "wina atafuna kulumikizanso, zingamutengere masiku angati?"

"Masiku? Kapena kwa anyamata a masiku anowa, sabata yathunthu. Ineyo maola awiri basi, ndipo inu ndi kamera yanuyo simungaone pamene panadulidwa."

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. A Zubko anatsinzina ngati awawidwa dzino. Haskell anabweza cholembera m'thumba la jekete.

"Danilovich, wandipha," anatero a Zubko ndi mawu apansipansi. "Mayiko awiri akambirana zaka zisanu ndi chimodzi, iwe n'kukonza pangano lawo ndi chigongono? Basi ya alendo inyamuka folo koloko. Ikanyamuka pepala lisanasayinidwe, galimotoyi uidula wekha mpaka hutala."

Apa m'pamene a Ostap anazindikira chimene achita. Anakakhala pamthunzi wa tayala la Odarka, n'kumasula kansalu kamene mayi Halina anakulungamo buledi, osati chifukwa cha njala koma kuti manja apeze chochita. Posakhalitsa Haskell anabwera n'kukhala pansi pomwepo, miyendo yake yaitaliyo itasowa kolowera. A Ostap anamudulira buledi wakuda n'kuikapo mafuta a nkhumba, poti mlendo ndi mlendo, angakhale wakuvuta chotani.

"Sindinafune kubera munthu," anatero. "Chitsulo chotere sichipezeka. Kudula pamene analemba a Zubko paja ndi tchimo."

"Ndikukhulupirirani. Bambo anga nawonso ankatola misomali mumsewu, amayi mpaka kuchita manyazi." Haskell anatafuna kwa kanthawi. "Koma pangano likuti tisadule pamsoko, ndipo chifukwa chake mwachinena nokha. Ku America nakonso kuli anzanu ochokera kuno, akuona ife tikuphwanya zathu. Akatiuza kuti tibwereze, timabwereza."

"Inuyo chikukuopsani n'chiyani? Kwanu mzinga wakewo sukanafika."

"Kwathu ayi. Koma ine ndimagwira ntchito ku Germany ya kumadzulo, ndipo banja langa lili komweko, pafupi ndi bwalo la ndege zankhondo. Mwana wanga wamkulu anandifunsa tsiku lina kuti mzingawo ukanyamuka kuno umatenga mphindi zingati kufika kwathu. Ndinamunamiza kuti sindidziwa."

A Ostap anasiya kutafuna. Zaka khumi ndi chimodzi ankadziwa mafuta amene Odarka amakonda, ankadziwa tayala limene limadya msanga, koma kumene mkonowo unkaloza sanafunsepo, ndipo palibe amene akanawayankha. Chisoni chinawagwira, ndi manyazi omwe.

"Ndiye nditani?"

"Dulani chigawo chachikulucho pomwe panali choko. Mudule moti ngakhale inuyo mulephere kuchibwezera."

Anthu amene analipo amati sanaonepo munthu akuvutika ndi ntchito yosavuta chonchija. Dzanja la a Ostap linkangofuna kuwongoka lokha, iwo n'kumalikhotetsa dala. Anadutsa pamapaipi, mafuta otsalira akuphulika n'kuwathimbiriritsa malaya. Anakhotera kumanzere, anabwerera kumanja, akung'ung'udza nthawi yonseyo.

"Pepa, mayi. Pepa. Ukakoka mitengo, ukapuma mpweya wabwino. Mkonowu unkangokulemera."

Chitsulo chinagwa ndi mkokomo, m'mphepete mwake muli manomano ngati mwaluma galu. Asilikali amene ankaonerera anayamba kuseka.

"Amalume, mwaledzera kodi? Ndani anakuphunzitsani kudula?"

"Tseka pakamwa, mphuno ngati mbatata iwe!"

Haskell anayeza ndi tepi, anajambula, kenako anafunsa osamwetulira: "Maola angati tsopano?"

A Ostap anayang'anitsitsa ntchito yawo, akufunafuna moona mtima pomwe angayambire.

"Sizingatheke," anayankha. "Ngakhale ine."

Cholembera chinatuluka m'thumba. Haskell anasayina pepala litatsamira pachitseko cha Odarka, a Zubko nawonso anasayina, n'kupuma mpweya umene anaugwira kuyambira masana. Nthawi inali isanakwane folo, ndipo galimoto inali yapulumuka.

A Ostap anasisita chitseko chija kamodzi, koma magalasi akuda oteteza maso podula zitsulo sanavule. Anatembenukira kwa mlendo.

"Ku Germany kuja, ana ndi angati?"

"Atatu. Wamng'ono sanayambe n'kuyenda komwe."

A Ostap anagwedeza mutu, anapita pachigawo china cha mkono chija, chimene chinali chikadali chosalala ndi chokongola, n'kuyatsanso moto.

"Danilovich!" anakuwa a Zubko. "Zatha! Pepala tasayina kale!"

"Pepalalo ndi lanu, bwana," anatero a Ostap, moto ukulowa m'chitsulo mokhotakhota. "Inu a Haskell, ichi mukamuuze mwana wanu wamkulu uja kuti munaona ndi maso."