Kadzino ka Kaseti

Bandi yathu ya roko inatulutsa zimbale zinayi. Chachisanu sichinatuluke, chifukwa woimba wathu anamwalira titangojambula nyimbo imodzi yokha, pa kaseti, m'galaja momwe tinkayeserera. Ine ndinkaimba gitala ya bezi. Ndinalinso ndi kantchito kena: nyimbo ikajambulidwa bwino, ndinkathyola kadzino ka kasetiyo kuti wina asadzajambulepo zina.

Tsiku limenelo ndinaiwala. Patatha mwezi chiikireni maliro, ndinatola kaseti yosalembedwa kanthu n'kujambulapo bezi yanga. Nditazindikira zomwe ndachita, sindinauze aliyense. Mkazi wa malemu atafunsa za nyimboyo, ndinati, "Mwina anatenga wang'oma." Bodza limenelo linakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Chaka chino a wailesi akukonza pulogalamu yofotokoza zimbale zathu zonse, ndipo anapempha mayiwo nyimbo yomaliza ija. Iwo anandiimbira foni.

"Alamu, mundiperekeze kwa wang'oma uja. Mwina pano mtima wake unafewa."

M'mawa mwake ndinagwada nthawi yaitali, koma mawu opempherera sanabwere. Ndinaika kasetiyo ndi kawailesi kakale m'chikwama, n'kupita ku shopu yawo yosokera zovala.

Anachotsa nsalu pampando, n'kuupukuta ndi dzanja kuti ndikhalepo.

"Vulani jeketelo, batani likulendewera ngati dzino la nkhalamba. Anthu a roko inu simukula ayi."

Anayamba kusoka. Ndinayang'ana zala zawo.

"Alamu, kwa wang'oma tisapite. Kaseti ija ili pano."

Singano inaima.

"Wakupatsani?"

"Sanaitengepo. Inali kwa ine zaka zonsezi. Sindinathyole kadzino, ndiye ndinajambula pamwamba pake."

Anamaliza kusoka batanilo, anadula ulusi ndi mano, n'kupachika jeketelo pamsomali.

"Iyikeni timve."

Munamveka bezi yanga yokhayokha, kubwereza malo amodzi, kulakwitsa, kuyambiranso, ine ndikutsokomola. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo, iwo anamukwezera dzanja kuti abwerenso nthawi ina. Ndinafuna kuthamangitsa tepiyo, koma anati, "Isiyeni." Tinakhala choncho mpaka bezi inaduka. Kenaka panamveka mkokomo wa gitala ukuzirala, ndi mawu a malemu akuseka: "Iwe wabezi, wachedwanso kulowa! Ukuganiza za ndani? Basi, imeneyi ndi yomweyi."

Zotsala zinali zomwezo.

"Bwezerani," anatero. Ndinabwezera katatu. Kachitatuko anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi kachidutswa ka nsalu.

"Kuiwala aliyense amaiwala, alamu. Mukanandiuza nthawi yomweyo, ndikanalira sabata imodzi n'kusiya. Koma mukudziwa kuti mkazi wa wang'oma atamwalira sindinapite kumaliro? Tsiku lina anandipatsa moni pamsewu, ine ndinalavula malovu pansi. Munthu wosalakwa."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa, ndipo munkabwera kuno kudzamwa tiyi."

Ndinaweramitsa mutu.

Anatulutsa kasetiyo n'kuiika m'thumba la epuloni. Kenaka anazimitsa ayironi, anatseka zenera, natenga makiyi.

"Tiyeni. Ulendo uja ulipobe."

"Ndipita ndekha, alamu. Mlandu ndi wanga."

"Wanu ndi wanu. Koma malovu aja analavula ndine."

Wang'oma masiku ano amawotcherera zitsulo kuseri kwa siteji ya mabasi. Tinayenda wapansi. Titafika anakweza chigoba cha kumaso, n'kutiyang'ana mosinthanasinthana, ine kenaka mayiwo. Tsitsi lake linali litayera lonse.

"Aa, wabezi! Kwagwanji?" anatero, akukoka benchi ndi phazi kuti mayiwo akhale.

Ine sindinakhale. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ndigwireni lilime lisakhote.

"Achimwene, zimitsani kaye makinawo. Ndili ndi mawu, ndipo si abwino."