Madzi Okana Sopo

Anathovu sankafuna kuuzidwa ndi munthu kuti madzi abwino ndi ati. Ntchito yawo inali yochapira anthu zovala, ndipo dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa beseni lawo linkafufuma thovu mpaka kubisa zigongono. Kwa iwo nkhani inali yachidule: madzi ogwirizana ndi sopo ndi abwino, okana sopo ali ndi chobisa.

Tsiku limene mpopi unayamba kutuluka madzi m'mudzimo, amayi anzawo ali kalikiliki kululutira, iwo anangotunga ndowa imodzi n'kuviikamo malaya. Anapaka sopo, anafikisa, anafikisanso mpaka manja kuwawa. Thovu osabwera. Pamwamba pa madziwo panangoyandama tizinthu totuwa. Atawalawa anawamva kulemera pa lilime. Posakhalitsa m'kati mwa ketulo yawo munamatirira zoyera zolimba, zomagwa ngati makoko a mazira akazipala ndi supuni.

Ketuloyo anakaionetsa kwa alamu awo okonza njinga, bambo amene chibadwire sanayankhepo kuti "sindikudziwa." Bamboyo anasuzumiramo, n'kupukusa mutu mwachisoni chachikulu.

"Alamu, mwadzionera nokha," anatero. "Ngati chitsulo chikumera miyala chonchi, nanga impso za mwana? Impso ndi nyamatu, si chitsulo ayi. Bwererani kumtsinje. Tonsefe takula ndi madzi omwewo."

Mawuwo anawalowa mumtima Anathovu. Anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kongoyamba kumene kulankhula, kamene anakapeza atadikira zaka zambiri anthu akuwanena. Kameneko kamere miyala m'thupi iwo akuona? Kuyambira pamenepo, akamachokera kochapa ankasenza chidebe cha madzi a mumtsinje, oyera mbee, okoma kukamwa, ochita thovu ndi kasopo kochepa. Kuwiritsa sankawiritsa. Madzi okongola chonchi n'kuwawiritsiranji? Zoti kumtunda kwa pochapirapo kumamwera ng'ombe, ndiponso kuti mvula imakokolola zonse za m'tchire n'kuzitsitsira momwemo, ankazidziwa bwino, koma maso awo anali pa thovu.

Mvula itagwa yamphamvu, mwana anayamba kutsekula m'mimba. Kenako anayamba kusanza. Pofika masana a tsiku lotsatira maso anali atalowa m'kati, milomo itauma, kulira kwake kulibenso misozi. Anathovu anasiya zovala za eni ake zili m'beseni, anamubereka, n'kuthamangira kuchipatala mtima uli m'mwamba.

Anamwino anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, ndipo khungulo linachedwa kubwerera. Sanataye nthawi, anamuika diripi. Atatha ndi pamene anakoka mpando n'kufunsa madzi amene mwanayo amamwa.

"A mumtsinje," Anathovu anayankha. "A pampopi aja ine ayi. Amakana sopo, ndipo mukanaona ketulo yanga! Ndimamuteteza mwanayu, anamwino. Ndimamuteteza."

Anamwino sanawakalipire. "Amayi, pa zochapa sindingakutsutseni, manja anuwo akudziwa kuposa ine. Madzi a pampopi aja amachokera pansi penipeni, ndipo podutsa m'miyala amatengako mchere wa m'miyalayo, wofanana ndi laimu. Ndi umene umapha thovu, ndi umenenso umatsalira m'ketulo madzi akawira. Koma thupi la munthu si ketulo. Mchere umenewo timaudya kale m'zakudya, ndipo ndi womwe umalimbitsa mafupa ndi mano. Madzi aja anayezedwa asanatsegulire mpopi, ndipo amayezedwabe."

"Nanga a mumtsinje, oyera chonchija?"

"Tizilombo totsekula m'mimba sitioneka, sitinunkha, ndipo thovu silititchula. Sopo amakuuzani madzi ochapira. Madzi akumwa amatiuza ndi makina oyezera. Mukakayika madzi alionse, awiritseni kapena thiranimo kolorini, muwasunge m'chidebe chovindikira. Za ketulozo musade nkhawa, finyiranimo mandimu n'kuwiritsa, zonse zija zimayoyoka."

Misozi inangoti chuchuchu m'masaya mwa Anathovu. Zinawapweteka kwambiri kuti madzi amene anamudwalitsa mwana anali omwe ankawasenza okha pamutu, kukwera nawo chitunda chonse chochokera kumtsinje, chifukwa cha chikondi.

Anakhala pambali pa bedi atagwira kaphazi ka mwanayo, akuyang'ana madontho a diripi akutsika pang'onopang'ono. Dzuwa litapendeka, kaphaziko kanagwedezeka. Mwana anatsegula maso, anayang'ana denga, kenako anawapeza amayi ake.

"Amama, madzi."

Anamwino anapita pampopi wa pakhonde, wolumikizidwa ku paipi yomweyo ya kumudzi, anadzaza botolo, n'kusungunuliramo paketi ya mchere ndi shuga yobwezeretsa madzi m'thupi. Anathira m'kapu n'kuipereka kwa Anathovu. Mayiwo anailandira. Anayang'ana kapuyo, anayang'ana milomo youma ija, ndipo anayamba amwako okha. Kenako anadzutsa kamutu ka mwana wawo n'kumumwetsa pang'onopang'ono, monga anawauzira anamwino.

Mwana anamwa mpaka kapu kuuma. Anapuma, ananyambita milomo, n'kuikankhira kapuyo pachifuwa pa amayi ake.

"Ena," anatero.

Phunziro: Madzi kuyera, kukoma kapena kuchita thovu sizitanthauza kuti ndi abwino kumwa. Madzi okana sopo ndi osiya zoyera m'ketulo angathe kukhala abwinobwino ngati anayezedwa. Madzi amene sanayezedwe tiziwawiritsa kapena kuthiramo kolorini, ndipo mwana akayamba kutsekula m'mimba tisachedwe kupita naye kuchipatala.